Basi ya ku Chipata

Pa Intercity basi sinyamuka isanadzaze,
ndiye ndimakhala ndi ola limodzi, mwina awiri.
Ndimayima pakati pa mipando,
phazi litatsamira thumba la kapenta,
buku langa lomatamata ndi selotepi,
kuuza za Yesu anthu amene akuwerenga chenji.

Wina wagona. Wina watseka makutu ndi foni.
Kondakitala amandigunda ndi chigongono:
abusa, tapatukani.
Sindine mbusa ine. Ndine Yotamu wa ku Kanyama,
wosoka nsapato.

Lamlungu mkulu wa mpingo amatsegula kope:
watembenuza angati sabata ino?
Ndilembe chiyani?
Otsikira ku Nyimba sabwerera kudzandiuza.

Lachinayi mayi wina wa duku lakuda
anandigwira malaya injini italira kale.
Ankapita kukayika mwana wake ku Katete.
Anati, tabwerezani paja,
pamene Iyenso analira pamanda.
Ndinabwereza, mawu akundithawa pakhosi.
Sanakweze dzanja. Dzina sanatchule.
Ananditsitsira pa Chelstone,
ndinabwerera m'tauni wapansi, dzuwa lili pamutu.

M'kope la mkulu
mulibe mzere wolembapo zimenezo.