Ndowa Zisanu ndi Ziwiri ku Rosettenville

Pa fomu ya ku kiliniki anafunsa za ntchito.
Ndinalemba kuti palibe.
Nesi anadinda osandiyang'ana m'manja.

Palibe, komatu folo koloko imandipeza ndili chilili,
kuthamangitsana ndi magetsi asanathawe,
kusita yunifolomu ya Mwatitha,
kupakira mkute wa bambo ake m'kontena ya majarini
poti takisi ya ku Booysens sidikira munthu,
ndipo zipata za eni ake zikufuna wowotcherera.
Lonjezo sadya phala ngati shuga sakuoneka ndi maso.
Sokosi imodzi yasowa.
Nthawi zonse imasowa ndi imodzi.

Onse akachoka nyumba imausa moyo,
ine ndimatulukira kuseri
kumene simenti inameza dziko lonse.
Ndiko kuli dimba langa:
ndowa za penti zisanu ndi ziwiri zoboola ndi msomali,
tayala limodzi, ndi bafa long'aluka la khanda.
Dothi ndinachita kugula.
Mayi anga atamva anaseka pa foni mpaka kutsamwa:
mwanawe, kumeneko dothi lili ndi mtengo?

Mbewu zinabwera mu mpindiro wa chitenje,
bonongwe, chisoso, nthanga zinayi za maungu.
Wa pa Beitbridge anakhuthula chikwama chonse pansi
koma m'chiuno mwangamo sanamufunse kanthu.
Mu Juni chisanu chimawauka masamba ngati moto,
ndimafunditsa ndowa majuzi amene ana anakula nawo.
Madzi otsukira mpunga sinditaya.

Disembala ndi Park Station,
zikwama zamizeremizere zotupa ngati mimba ya mapasa:
mafuta ophikira, sopo, bulangete la apongozi,
nsapato za amalume, saizi yake yongoganizira.
Masiku awiri miyendo ili m'khosi.
Pa Nyamapanda mzere suyenda, umangosintha mwendo.
Ku Tete mpweya ngwa m'ng'anjo,
Lonjezo akulira m'Chizulu,
ine kumutonthoza m'Chichewa,
mpaka tonse tagona, wina asanapambane.

Pa Phalula akutitchula a ku Joni.
Moni ngwa ife, maso ali pa zipi.
Ana anga akuthawa nkhuku.
Ndinaima pakati pa munda weniweni,
chimanga chofika m'mawondo, mizere mpaka kumtsinje,
ndipo ndinadzigwira ndikuwerenga ndowa mumtima:
kodi ya pakona ija ikulandira madzi?
Ndinachita manyazi. Sindinauze munthu.

Januwale tinapeza nkhani zitatidikira pakhomo.
Matalala anagwa tsiku la Khirisimasi,
nkhwani zinasanduka nsanza.
Landilodi anazula chisoso changa, ati ndi tchire.
Koma bonongwe ndiye uyo, wabiriwira,
nsonga zake zotsinidwa bwinobwino
ndi zala zodziwa potsina.

MaZungu, amene ndinamusiyira kiyi,
zaka zitatu tikungopatsana moni wapakhosi pampanda,
anabwera akusisita pamimba.
Imbuya, anatero, akuloza ndowa.
Bonongwe, ndinatero.
Imbuya!
Tinakangana choncho, tikuseka ngati atsikana pachitsime,
ndiwo imodzi, maina awiri.
Anandibwezera kiyi pamodzi ndi kapepala kokulunga,
m'katimo njere zakuda za kwawo ku Nongoma,
zimene dzina lake ndaliiwala kale.

Ndazifesa m'bafa long'aluka lija.
Sindikudziwa chimene chidzamere.

Lero Mwatitha wabwera ndi fomu ina ya kusukulu.
Ntchito ya bambo: ndalemba.
Ntchito ya mayi:
cholembera chaima m'mwamba,
m'zikhadabo muli dothi logula,
kamzere kake nkakafupi ngati chala cha mwana.
Kuchipinda wina wakuwa kuti sokosi yapezeka,
inali m'chikwama cha ku Phalula,
yodzaza mtedza.
Kunja mitambo yakuda ikusonkhana cha ku Turffontein.
Fomu iyambe yadikira,
ndikalowetse ndowa pakhonde.