Chikwangwani cha pa Msewu wa Jules

Dzina lathu tinalifufuta Lachiwiri.
Bambo anagwira makwerero, ine ndinakwera ndi burashi,
ndipo "Mkwaila ndi Ana, Osoka Zovala"
anamira mu penti yobiriwira yotsala pa geti.
Dzina limanunkha kwawo, anatero bambo,
ndipo kuno ku Joni mphuno zimafika msanga kuposa apolisi.

Buku la malonda ndimasunga ndine.
Malichi: madiresi aukwati asanu ndi limodzi,
mayunifolomu a kwaya ya ku Malvern,
zipi, zipi, zipi.
Epulo: galasi la pazenera.
Loko watsopano. Loko winanso.
Anyamata a pakona, marandi mazana atatu Lachisanu lililonse,
ndimalemba kuti "chitetezo"
poti mzere wa mantha mulibe m'bukumu.

Usiku umene anathyola chitseko
anatenga makina awiri, ketulo,
ndi nsalu ya mwini wake imene tikulipirabe.
Zimenezo zili ndi mtengo, ndinawerengera.
Koma ndilembe zingati
pa manja a amayi?
Amasoka khutu lili kumsewu,
msoko ukukhota ngati njira ya woledzera,
tayala likaphulika panja singano imalowa m'chala,
magazi pa kolala yoyera,
kolala ina, ulusi wina, tsiku lapita.

Timatseka folo koloko, dzuwa likadali tswee,
nthawi yomwe makasitomala akuweruka kumene.
MaDlamini, amene ankatigawira magwinya m'mawa,
amadutsa tsidya lina la msewu
maso ali pa nsapato zawo.
Sindiwada. Nawonso ali ndi mazenera.
Dzulo anatuma kamdzukulu ndi siketi yoti tiphwanyeko m'chiuno,
ataikulunga m'pepala la buledi
ngati chinthu chakuba.

Achimwene Msatida anakwera basi pa Park Station,
ati bola kukapinda msana m'fodya ku Dowa
kusiyana n'kugona ndi chikwanje
pansi pa tebulo lodulira nsalu.
Iwo ndiwo ankadziwa kudula suti.
Tsopano suti timakana mwaulemu,
timati tatanganidwa,
m'shopu muli zii.
Azakhali akaimba kufunsa za fizi ya ana
bambo amati halo, halo, sizikumveka,
foni ikumveka bwinobwino.

Usiku wathawu mvula inagwa ndi matalala.
M'mawa potsegula chitsulo cha pakhomo, theka lokha monga mwa masiku ano,
ndinaona penti yasukuluka:
M, K, ndi mwendo umodzi wa W
zikusuzumira pansi pa zobiriwira.
Ndinati, bambo, ndikagule chitini china?
Anaima pamenepo nthawi yaitali,
tepi ili m'khosi, choko m'thumba,
minibasi zikulira kumbuyo kwawo.

Kenaka anandifunsa
ngati ulusi wakuda udakalipo,
poti siketi ya MaDlamini ikufunika Loweruka.