Dzina Langa Lili M'buku Lawo

Ndimasoka nsapato pansi pa mbawa ku Chikanda,
mwendo wamanzere nditauyala pa njerwa ziwiri
poti chitsulo chili m'katimu chimadana ndi chiperoni.

Lachinayi kunabwera mtsikana wa ku Chirunga,
anavula sandasi yoduka lamba,
nakhala pa benchi kuloweza za mayeso,
milomo ikungoyenda ngati wapemphero:
"Likagwa, apilo, chigamulo chachidule. Likagwa..."
Zingano inandibaya chala.
Ndinati, mayi, Likagwa wake uti ameneyo?
Anati, ndi mlandu chabe bambo, uli m'buku lathu.

Ndinayamwa magaziwo, osayankha.

Kunali pa Chinamwali, m'mawa, osema miyala asanayambe kugogoda.
Njinga yanga, thumba la nandolo kumbuyo,
minibasi yochokera ku Liwonde ikupikisana ndi inzake
kulimbirana munthu mmodzi woima ndi dengu.
Zotsatira ndinazimva kwa anamwino.

Dalaivala analumbira pa pepala
kuti ndinadzigwetsera ndekha mumsewu.
Nanenso ndinalumbira pa langa.
Loya wa inshuwalansi anabwera ndi lachitatu, lokhuthala,
lopempha kuti nkhani ithe osazengedwa.
Tsikulo ndinavala jekete ya alamu anga,
mawu nditawasita usiku wonse,
koma anandisiya pakhonde ndi ndodo zanga.
M'kati mapepala anakambirana okhaokha.
Tiyi wa mesenjala asanazizire, chitseko chinatseguka:
palibe choti tizenge, atero.

Kodi pepala limachita chibwibwi likamanama?
Limatuluka thukuta? Limayang'ana pansi?

Apilo inakwera basi ya ku Blantyre, ine ndinatsala.
Mvula zisanu.
Kamtsikana kanga kanasiya kuyamwa, kanayamba sukulu,
kanaphunzira kulemba dzina lomwelo.
Kenaka loya wanga, a Mpaweni, anafika ndi fumbi m'nsapato
nandiwerengera pansi pa mtengo uno
zomwe oweruza atatu analemba:
awiri akalumbira zosemphana
khoti lisasankhe pepala losalala,
mboni ziimirire, zifunsidwe, zimveke ndi makutu;
njira yachidule ndi ya nkhani zopanda mkangano.
Mlandu ubwerere ku Zomba.

Anandigwira dzanja mwamphamvu.
Akuti tsopano maloya akamatsutsana za ngozi zapamsewu
amanditchula ine.
Akuti wa kabaza wa ku Thondwe analowa m'khoti ndi dzina langa,
mayi wina wa ku Jali chimodzimodzi.
Ndasanduka mlatho, anthu akuwoloka.
Mlatho suwoloka mtsinje.

Paja Abiti Kwilasi wogulitsa tomato,
yemwe anaona zonse, nandiphimba ndi chitenje chake,
tinamuika ku Songani chaka chatha.
Minibasi ija ili pa miyala ku Matawale, nkhuku zikuikiramo.
Dalaivala akuti ali ku Joni.
Chojambula cha apolisi, chosonyeza pomwe matayala anakhukhuluza,
chiswe chinadya pakona penipeni.

Mtsikana uja anatseka buku.
Ndi zingati bambo?
Ndinatchula mtengo, ananenerera, ndinatsitsa.
Akumanga lamba anati,
komatu anapambana ameneyo, Likagwayo,
aphunzitsi amati ndi mlandu wokoma.
Ndinati, eya, ayenera kuti anasangalala.
Ndinafuna kumuuza kuti dzina loyamba ndi Sumani,
kuti m'buku mwawomo anangolemba S.,
koma anali atafika kale pamsewu, akuimitsa njinga.

Tsiku atipatsa: pa naini mwezi wamawa.
Jekete ija alamu anaikidwa nayo,
ndipita ndi malaya.
Usiku ndimayeserera pamaso pa khoma:
ndinali kumanzere, bwana,
kunja kwa mzere wachikasu,
dzuwa linali kumsana kwanga,
nandolo anamwazika mpaka mu ngalande.

Mkazi wanga amati gonani, mwanena kale zimenezo.
Ayi, sindinanene.
Sanandifunsepo munthu.