Jekete la Kachiwala

Likadali pano, pa msomali wa kuseri kwa makina anga,
jekete lija la matumba atatu.
Ndinalisoka chaka cha njala,
fodya atabwezedwa ku Chinkhoma,
mwini wake n'kundilipira nkhunda ziwiri ndi lonjezo.

Binisoni Kachiwala,
mwana wa tenanti pa esiteti ina kwa Wimbe,
anayamba n'kuyeseza bwana wa bambo ake:
ufa kumutu, chitsononkho kukamwa ngati kaliwo,
mimba ya pilo.
Matenanti anaseka mpaka kugwira nthiti.
Kapitawo sanaseke.
Kutacha banja lonse linali pamsewu, mphasa pamutu,
mnyamata ataphunzira kuti sewero lili ndi mtengo wake.

Wafa kangati munthu ameneyu ine ndikuona?
Ku holo ya pa boma anamwa tameki wa shuga,
ku Santhe anamubaya ndi mpeni wa katoni,
ku Nkhamenya, bungwe lina litalipira,
anafa ndi kaliwondewonde,
ndipo anatsokomola bwino zedi
mpaka sisitere wina anathamangira madzi.
Nsalu ikatsekedwa ankadzuka, n'kusasa fumbi,
m'mawa uyu wafika:
Atelala, batani lathothoka.

Pa wailesi anali bambo wouma mtima.
Mawu ake ankalowa m'nyumba za mipanda
momwe mwini mawuwo sakanapatsidwa mpando.
Mayi wina pamsika anakana kumugulitsa tomato:
Si inu mumazunza mkazi Lachiwiri lililonse madzulo?
Anabwera kuno chimanjamanja, mano onse pamtunda.
Amvekere, lero ndalandira malipiro.

Kenaka kunabwera azungu a filimu a ku Ositireliya,
magalimoto atatu, nyali zoyaka masanasana.
Anamupatsa malo a mlonda wa pageti.
Mawu ake anali anayi okha.
Anawayeseza milungu itatu pakhonde pano,
ine ndikupalasa makina,
iye akutsekula geti la mphepo.
Anamujambula kasanu n'kawiri m'tsinde mwa phiri la Kasungu,
dzuwa lili paliwombo.
Patapita zaka mphwake anaipeza filimuyo pafoni.
Tinaunjikana mitu.
Geti likutseguka, dzanja likuoneka,
ndi mkono wa jekete langa.
Basi.
Anaonera katatu osayankhula,
kenaka amvekere, koma dzanjalo ntchito likuidziwa.

Zaka zomaliza mutu unayamba kutaya
ngati thumba loboola mbewa.
Dzina la mkazi wake, Esinala, linagwera panjira.
Njira ya kwawo nayo inagwa.
Koma ukangomuponyera mzere woyamba
wa sewero la zaka makumi atatu zapitazo,
msana unkawongoka, maso n'kuyera,
n'kulakatula mawu ake onse
ndi a anzake omwe, aja anatsogola kale,
akusintha mawu, akudziyankha yekha.

Tinamuika Loweruka, mvula ikuwaza.
Sindinama ayi:
abusa atatseka buku
panagwa bata lina lomwe ndimalidziwa kuchokera ku holo,
lija la anthu odikira
kuti wakufayo adzuke, awerame.
Kamwana kena kanaomba m'manja kamodzi,
mayi ake n'kukagwira dzanja.

Jekete sanapite nalo.
Analibweretsa mu Juni kuti ndilichepetse
poti thupi linali litatha.
Ndinalichepetsa, sanabwerenso.
M'thumba lam'kati muli kapepala kopindapinda,
mawu anayi aja, a pensulo,
Chingerezi cholembedwa monga khutu linamvera.
Sindidziwa tanthauzo lake
koma nditha kuwatchula ndili m'tulo.

Anyamata a masewero a pafoni
amabwera kudzalibwereka.
Akuti likuoneka lachikale, lingawathandize kuseketsa anthu.
Ndimayang'ana pa msomali paja,
n'kuwauza kuti silinathe,
kwatsala batani limodzi.