Njala ya Dothi

Ndinam'peza akunyambita chulu,
Sinoya, ng'ombe yanga ya mawanga,
lilime lili psuu ndi dothi la kuno ku Kalichero,
pamene m'khola mapesi anali ofika m'mawondo.
Dzana lake anali atatafuna nsapato ya Levisoni.
Mkaka unkatsika: malita khumi ndi awiri,
asanu ndi anayi, asanu ndi awiri,
mpaka chigubu chinayamba kuchita phokoso pa njinga
njira yonse ya ku Chipata.

Apongozi anati walodzedwa.
Alangizi, a Shawa, anam'funyulula chikope, anam'papasa nthiti,
anati, "Mimba yakhuta, mafupa ndiwo ali ndi njala.
Zimene ali nazo zonse akuthira m'ndowa mwanu."

Sindinafunse kawiri.
Ndili ndi pakati pa Tikambenji
ndinkamanga dothi lokazinga pansonga ya chitenje,
n'kumakukuta usiku anthu atagona,
nkhokwe ili tho.
Njala imeneyo ndimaidziwa. Siimva kukhuta.

Tsopano kusanayere ndimayala lona pabwalo.
Nsenjere ndimaidula tizidutswa ngati chala,
mapesi chimodzimodzi, chikwanje chikudandaula.
Gaga wakuchigayo, zitini zitatu.
Keke ya mpendadzuwa, yakuda, yonunkha mafuta.
Masangwi a nshawa amene kale tinkangotentha.
Molasesi ndimasungunula m'madzi ofunda
njuchi zisanamve.

Kenaka kapaketi.
Ufa wotuwa, wosanunkha kanthu,
woti poulawa umangomva kamchere chapatali,
koma unandidyera nkhuku ziwiri ndi tambala yemwe.
Supuni ziwiri. Ndimasalaza ndi chala,
zotsala pachala ndimakungunthira momwemo.

Ntchito ili posakaniza.
Sinoya amaposa mwana wosankha ndiwo:
ukangowaza pamwamba amafukula ndi mphuno,
kutola gaga, kukusiyira mapesi,
n'kumakuyang'ana ngati walakwa ndiwe.
Ndiye fosholo, kutembenuza, kubweza, kutembenuzanso,
mpaka dzanja lililonse ukatapa muli zonse,
mpaka msana utayamba kunena zake.

Levisoni ali pakhomo ndi mswachi m'kamwa:
"Ine simunandiyezerepo chakudya ndi supuni."
Ndikuti, ukadzatulutsa malita khumi ndi asanu
tidzakambirana.

Sabata yoyamba, zii.
Yachiwiri, zii, apongozi akutsokomola mokweza podutsa pakhola.
Yachitatu ndinaona ubweya ukubwerera mwakale,
wagona pansi pamthunzi, akubzikula maso ali tsinzi,
chulu osachitembenukira n'komwe.
Ku kopaletivu Dailesi anamiza kagalasi kake mumkaka,
anandiyang'ana, anamizanso,
analemba khumi ndi anayi osanena kanthu.

Loweruka lapitali Tikambenji anabwera kuchokera ku Mchini,
miyezi isanu, mapazi otupa.
Anakhala pa thumba la gaga kundionera ndikusakaniza,
akusimba za lendi, za mwamuna wake ndi minibasi yake yofafa.
Ataseka ndinaona kufiira m'mbali mwa mano.
Ndinayang'ana pachitenje: kamfundo.

Sindinam'kalipire.
Ndinatapa m'ndowa ndisanayeze,
ndinawiritsa, ndinam'patsa m'kapu yaikulu ya atate ake,
ndinati Lolemba tilawirira kukiliniki,
kuli timapiritsi tofiira, usatitaye kuseri kwa nyumba
monga ndinkachitira ine.

Tsiku limenelo chigubu chinapita chopereweza.
Dailesi anafunsa ngati Sinoya wayambanso.
Ndinati ayi, ali bwino,
lembani khumi ndi atatu.