Kuseri kwa Envelopu ya Bilu Yamagetsi

Ndinatembenuza envelopu ya bilu yamagetsi
n'kulembapo mayina khumi ndi awiri
a anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera.
Munali mu Febuluwale, kuno ku Milwaukee,
chipale chitada bii m'mbali mwa msewu wa Burleigh,
ine nditatha miyezi isanu
ndikudzidzimuka pakati pa usiku
kumva foni ya Terrence ikulira m'kabati,
foni imene ndinazimitsa ndekha tsiku la maliro ake.

Woyamba anati madola zana ndi makumi asanu pa ola.
Ndinawerengera chamumtima:
chakudya cha ana anga mlungu wathunthu.
Ndinathokoza, ndinakhwatcha dzina.
Wachiwiri salandira inshuwalansi yanga.
Wachitatu anasamukira ku Arizona kalekale
koma akadali m'buku la kampani
ngati mzukwa wolandira malipiro.
Wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi:
tadzaza, mayi, mudzayesenso mu Juni.
Ngati chisoni chimawerenga kalendala.

Ku inshuwalansi anandiimbira piyano mphindi makumi anayi,
kenako mawu osalala ngati batala:
"Thandizo lilipo, Mayi Pruitt,
koma muyambe mwatulutsa madola zikwi zinayi m'thumba mwanu,
ife tidzalowererapo pambuyo pake."
Ndinati, ndiye ambulera mumapereka mvula itakata?
Sanaseke.
Anafunsa ngati pali china chimene angandithandize.

M'mawa ndimayendetsa basi yachikasu ya ana asukulu.
Tsiku lina pa maloboti misozi inangobwera yokha,
kamtsikana ka mpando wakutsogolo kanandiona pagalasi,
kanandipatsa switi yomata ubweya wa m'thumba.
Ndinaidya. Ndikanatani?

Anali Odell, makaniko wa kudepoti,
munthu wosalankhulalankhula,
amene analemba nambala ndi chala cha girisi
pa katoni ya mabuleki.
"Kuyunivesite," anatero, osandiyang'ana.
"Ndi ana asukulu. Amaphunzirira pamutu pako
ngati ometa atsopano, koma tsitsi limachoka.
Ine ndinapitako mkazi wanga atandisiya."
Anabwerera pansi pa basi.

Anafuna kapepala ka malipiro anga,
anadinadina makina owerengera,
anati madola khumi ndi asanu.
Ndinafunsa kawiri, poopa kuti khutu landinamiza.

Chipinda chake chili pansi, kuseri kwa masitepe,
paipi yotenthetsera ikugogoda ngati mlendo wosaleza.
Pakona pali kakamera, diso la mphunzitsi wake.
Noemi Salcido, mwana woti ndikanabereka ine,
bolopeni ikunjenjemera pang'ono m'dzanja lake,
anandiuza poyera kuti amaliza mu Ogasiti,
kuti pambuyo pake pabwera wina.
Mumtima ndinati, ndataya madola anga,
kamwana aka kadziwa chiyani za imfa?

Ndinakhala duu.
Iye sanathamangire kudzaza chetecho.
Paipi inagogoda, inagogodanso.
Kenako pakamwa panga panatuluka dzina
limene kunyumba timalilambalala ngati dzenje la mumsewu,
ndipo denga silinagwe.
Anati, "Anali mng'ono wanu?"
Ndinati, mlongo wanga, wamng'ono kwa ine zaka zitatu,
ankaika tsabola ngakhale pa mazira,
anandiimbira usiku uja, ine sindinayankhe.

Lachinayi lililonse ndimaimika basi, ndimakwera ina.
Masabata ena madolawo ndimawatola m'kabotolo ka makobili.
Usiku ndimadzukabe, koma osati usiku uliwonse.
Foni ikadali m'kabati.
Noemi sanandiuze kuti ndiitaye,
anangofunsa chimene ndikanayankha.

Envelopu ija ili pachitseko cha firiji,
mayina khumi ndi awiri okhwatchidwa,
lakhumi ndi chitatu lolembedwa chopingasa m'mphepete
poti malo anatha.
Bilu ija ndinalipira mochedwa, anandilipitsa chindapusa.
Ogasiti akubwera, ndikumuona.
Ndidzayambiranso kwa mlendo wina,
kutchula dzina lija kuyambira pachiyambi,
koma dzulo ndakopera nambala ija pakapepala
n'kuisiya pa chiwongolero cha Marisela
amene masiku ano maso ake akufiira.