Dontho la Magazi ku Cerro de Pasco

Dontho limodzi lokha, Bambo Chuquimia,
tambasulani chala.
Zaka makumi atatu mukuswa thanthwe pansi pa nthaka
koma kasingano aka kakutembenuzitsani nkhope.

Ndalipaka pagalasi, ndalithira utoto,
ndawerama pa maikulosikopu
mphepo ya m'mapiri a Andes ikulimbana ndi malata.
Si awo. Adzaza thothotho,
timbale tofiira topanda mkombero wakuthwa,
tolowa pakati mbali zonse ziwiri
ngati mtanda wa buledi umene mwana wautsina
amake atayang'ana kumbali.

Sanabadwe chonchi, bambo.
M'mafuta a m'fupa la m'chiuno mwanu,
mumdima woposa wa mgodi,
selo limayamba lili lalikulu, labuluu,
litakumbatira phata losunga malangizo ake onse.
Ligawika, ligawikanso, thupi likunka lichepa,
likumeza ayironi wa m'nyama ya alipaka
imene munadya Lamulungu,
mpaka himogulobini atalifiiritsa psuu.

Kenaka lichita chimene ine sindingathe:
lilavula phata lake lija.
Silidzabereka. Likang'ambika silidzadzisoka.
Langofuna malo onyamulira mpweya basi.

Patangotha sabata lalowa mumsewu,
lidakali ndi timaulusi ta ubwana
timene tisungunuke mawa kapena mkuja.
Njira ikapanikiza lidzipinda, lidzifinya,
monga muchitira inu m'ngalande zochepa
nyali ili pachipumi,
likatula katundu kunsonga ya chala, n'kubwerera.

Koma kuno mpweya ndi wa njala.
Impso zanu zidandaula usana ndi usiku,
zitumiza mawu kumafupa: onjezani antchito, onjezani.
Mafupa sadziwa kukana.
Taonani tsono, achuluka mpaka kupondana,
magazi alemera ngati uchi wa m'mwezi wa Julayi.
Ndicho chake milomo yada,
mutu ukuwaza nkhuni, tulo tathawa.
Adokotala akuuzani kuti mutsikire ku Huánuco.
Mukana, ndikudziwa.
Atate anga nawo anakana.

Mukuvala chipewa, mwaima pakhomo.
"Leocadia, nanga akatopa amapita kuti?"

Masiku zana limodzi ndi makumi awiri, ndikutero.
Akauma msana, akaleka kupindika,
kapamba amawagwira pachipata n'kuwaphwasula.
Ayironi yekha satayidwa,
amabwerera kufupa kukaveka ena atsopano.

Mwaseka mpaka kutsokomola.
"Ndiye ndi kampani yathu yomwe ija.
Chitsulo isunga."
Mawu otsalawo mwawameza.

Mwatuluka, thonje lili pachala,
kukwera kamtunda pang'onopang'ono,
kupuma pa sitolo ya a Yupari, kupumanso pa mpopi.
Ine ndatsala ndi galasi m'manja.
Pakona pake pali kaselo kamodzi kotuwira buluu,
katuluka m'fupa dzulo lomweli,
sikanadziwe kuti kuno n'kumwamba bwanji.
Ndakawerenga nakonso,
ndalemba nambala m'kaundula,
ndaitana wotsatira.